Chithunzi cha Mkati mwa Diso la Amayi

M'chikwama chimene amayi amasungiramo mapepala akuchipatala muli chithunzi chimodzi chimene ndakhala ndikuchitulutsa kawirikawiri miyezi imeneyi. Si cha nkhope ayi. Ndi chozungulira, chofiirira ngati dzuwa likamapita kokalowa, ndipo chakumbali kwake kuli kamalo kowala kumene kukuchokera timizere tofiira, tikugawikana n'kugawikananso ngati nthambi za mtengo umene wayoyola masamba. Umenewo ndi mkati mwa diso lawo lakumanja. Anawajambula zaka 7 zapitazo, tsiku limene ndinawaperekeza kokasinthitsa magalasi atadandaula kuti ulusi ukukana kulowa pa singano.

Nthawi imeneyo mutu wa amayi unali wakuthwa. Manambala a foni a ana awo onse anali pamtima. Tsiku lobadwa la mdzukulu aliyense ankalidziwa, ndipo ndi iwo amene ankatiimbira foni kutikumbutsa. Munthu akanandiuza kuti lidzafika tsiku loti adzandiyang'anitsitsa n'kundifunsa kuti ndine mwana wa yani, ndikanamutsutsa mpaka kusasa mawu.

Adokotala a maso anawadontheza mankhwala n'kutiuza kuti tidikire pang'ono kuti kamwana ka diso kakule. Titabwerera m'chipinda, amayi anatsamiritsa chibwano pa makina, kuwala kunathwanima, chithunzi n'kutulukira pa kompyuta. Adokotala anachiyang'ana nthawi yaitali ali duu. Kenako anafunsa kuti, "Amayi, BP munayezetsa liti?"

"Adokotala, ine ndadzera maso," anatero amayi. "BP yalowa bwanji pamenepa?"

Anatitembenuzira kompyuta ija n'kuloza ndi nsonga ya cholembera. Panali malo amene timizere tiwiri tinadutsana, kena kowonda ndi kofiira mowala, kena konenepa ndi kodera. Pamene tinadutsanapo, konenepako kankaoneka ngati katsinidwa. "Kowondaka kamabweretsa magazi, konenepaka kamawabweza. Aka kauma, n'chifukwa chake kakupsinja kanzake. Taonaninso apa." Analoza kadontho koyera, kawiyawiya ngati thonje. "Apa magazi anasiya kufika kwa kanthawi. Zimenezi zimabwera BP ikakhala yokwera kwa zaka. Ndipo zimene ndikuona muno zikhoza kukhala kuti zikuchitikanso kwina kumene ine sindingaone."

Mawu omalizawo ndinawamva, koma anangondidutsa. Tinatenga kalata yopita nayo kwa dokotala wina, tinasankha magalasi, ulusi unayambanso kulowa pa singano, ndipo kwa ife nkhani inathera pomwepo. Mankhwala a BP anawapatsa ndithu. Ankamwa mutu ukamawawa, ukasiya iwonso n'kusiya, ndipo ine ndinkaona zimenezo osanenapo kanthu, poti munthu ankaoneka wabwinobwino. Patapita zaka 4 anayamba kufunsa funso limodzi katatu pa ola limodzi. Kenako makiyi anayamba kupezeka m'malo osayembekezereka, nkhani ankaisiyira pakati, kayendedwe kanasintha, mapazi kumangokwekwereza pansi. Atawaunika mutu ndi makina a MRI, adokotala anatiuza kuti ndi dementia, matenda a mu ubongo oiwalitsa ndi kusokoneza nzeru, ndipo mbali yaikulu yachokera ku timitsempha ting'onoting'ono ta magazi ta mu ubongo timene tawonongeka. Usiku umenewo ndi pamene ndinakumbukira cholembera chija chikuloza pa kompyuta, ndipo ndinadzuka kukafufuza chithunzicho.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuwerenga kuti ndimvetse chimene chimalumikiza diso ndi ubongo. Chinandidabwitsa choyamba n'chakuti sizinthu ziwiri zosiyana monga mmene timaganizira. Mwana akamaumbika m'mimba, cha mu mlungu wachinayi, pa kachiwalo kodzakhala ubongo pamaphuka timatumba tiwiri, kena uku kena uku. Timeneto ndi timene timadzasanduka kansalu ka kuseri kwa diso kamene kamalandira kuwala, kotchedwa retina. Ndiye kuti retina ndi ubongo weniweni umene unasuzumira kunja. Ndi kopyapyala kwambiri, m'malo ambiri sikafika ndi theka lomwe la milimita, koma kali ndi maselo a mtundu womwewo wa a mu ubongo, ndipo kamalumikizana nawo kudzera mu mtsempha wokhala ndi timaulusi toposa 1 miliyoni.

Timitsempha ta magazi ta m'malo awiriwa timafanananso kapangidwe. Tonse tili ndi makoma othinana amene salola chilichonse cha m'magazi kungodutsa, tonse timatha kudzitsegula kapena kudzichepetsa tokha malingana ndi kufunika kwa magazi. Tating'ono kwambiri n'topapatiza moti maselo ofiira a magazi amadutsamo mondondozana, limodzilimodzi. Kusiyana kwake kwakukulu ndi uku: ta mu ubongo tinatsekeredwa m'chigaza, pomwe ta m'diso tili kuseri kwa zenera loonekera. M'thupi lonse la munthu, diso ndi malo amene dokotala angaone bwinobwino timitsempha ta magazi tamoyo, tikugwira ntchito, popanda kung'amba paliponse. Zenera limeneli linatseguka mu 1851, pamene Hermann von Helmholtz wa ku Germany analengeza za kachipangizo kounikira mkati mwa diso. Zaka za m'ma 1800 zisanathe, dokotala wa maso wa ku London, Marcus Gunn, anali atafotokoza kale za kupsinjana kwa mitsempha kuja kumene ife anatilozera pa kompyuta. Chizindikiro chimene chinali m'diso la amayi chakhala chikudziwika kwa zaka zoposa 100.

Kuti timvetse chifukwa chake timitsempha tochepa chonchi tingalande munthu nzeru, tiyenera kuganizira njala ya ubongo. Kulemera kwake ndi magawo awiri okha pa 100 a thupi lonse, koma umadya pafupifupi magawo 20 pa 100 a okosijeni yense amene thupi limagwiritsa ntchito. Ulibe nkhokwe. Chimene ukufuna mphindi ino chiyenera kufika mphindi yomweyi. BP ikakhala yokwera chaka ndi chaka, makoma a timitsempha amakhuthala n'kuuma, njira ya magazi imachepa, tina timayamba kudontha, tina timatsekeka. Shuga wokwera amawononganso makoma omwewo, fodya chimodzimodzi. Katsempha kamodzi kakatsekeka mkati mwa ubongo, kachigawo kakang'ono kamafa mwakachetechete. Munthu sagwa, pakamwa sapindika, mkono sufa ziwalo. Amadzuka m'mawa n'kupitiriza ntchito zake. Koma timasitiroko tobisika timeneti tikachuluka, njira zimene mauthenga amayendamo zimaduka imodziimodzi, munthu amayamba kuchedwa kuganiza, kusokoneza ndondomeko ya ntchito imene wakhala akuigwira moyo wake wonse, ndipo kenako kuiwala.

Bungwe la WHO limati padziko lonse anthu oposa 55 miliyoni ali ndi dementia, ndipo chaka chilichonse pamawonjezereka ena pafupifupi 10 miliyoni. Ambiri mwa iwo, 60 mpaka 70 pa 100 alionse, amakhala ndi mtundu wa Alzheimer, umene umadziwika ndi mapuloteni awiri, amyloid ndi tau, amene amaunjikana mu ubongo. Wachiwiri ndi wochokera ku mitsempha ya magazi, ngati wa amayi. Pamapepala mitundu iwiriyi imalembedwa padera, koma m'mitu ya okalamba ambiri imakhalira limodzi. Amyloid yemweyo amakanirira m'makoma a timitsempha n'kutifooketsa, ndipo timitsempha tofooka timalephera kuchotsa zinyalala za mu ubongo, amyloid n'kumangochulukirabe. China chimadyetsa chinzake.

Ndiye funso limene akatswiri akhala akulimbana nalo ndi ili: ngati zenera lilipo, kodi tingaonerepo matendawa asanafike poipa? Mu 1986 David Hinton ndi anzake analemba m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine kuti mwa anthu amene anamwalira ndi Alzheimer, mtsempha wochokera ku diso kupita ku ubongo unali utatha timaulusi tambiri. Pambuyo pake kunabwera akafukufuku akuluakulu otsatira anthu kwa zaka. Ku Rotterdam, m'dziko la Netherlands, anajambula maso a okalamba oposa 5,000 n'kumawatsatira, ndipo mu 2011 anafalitsa kuti amene mitsempha yawo yobweza magazi ya m'diso inali yotambasuka kwambiri ndi amene ankadwala dementia mochulukirapo, makamaka ya mitsempha ya magazi. Ku America, kafukufuku wotchedwa ARIC anatsatira anthu oposa 12,000 kwa zaka 20, ndipo zotsatira za mu 2018 zinasonyeza kuti amene retina yawo inali ndi zizindikiro zoonekeratu za kuwonongeka kwa timitsempha, monga timadontho ta magazi ndi timawanga toyera tija, nzeru zawo zinatsika mofulumira kuposa za anzawo. Nditawerenga zimenezi ndinaika foni pansi. Kadontho ka thonje kaja ndinakaona ndi maso angawa.

Makina nawonso apita patsogolo. Mu 1991 gulu la ku yunivesite ya MIT ku America, mmene munali James Fujimoto, David Huang ndi Eric Swanson, linatulutsa njira yotchedwa OCT. Imagwira ntchito ngati sikani ya amayi oyembekezera, kungoti m'malo mwa mafunde a phokoso imagwiritsa ntchito kuwala, ndipo imaonetsa retina m'magawomagawo ngati masamba a buku ukaliyang'ana cham'mbali. Kuchokera pamenepo kunabadwa OCT angiography. Makinawa amajambula malo amodzimodzi kangapo mothamanga kwambiri. Chimene chasintha pakati pa chithunzi ndi chinzake ndi magazi amene akuyenda, ndiye kompyuta imalemba mapu a timitsempha tonse, ngakhale tochepetsetsa, popanda kubaya munthu jakisoni wa utoto. Zimatenga mphindi zowerengeka, sizipweteka.

Ndi makina amenewa, Sharon Fekrat ndi Dilraj Grewal a pa yunivesite ya Duke anayerekezera maso a anthu 39 odwala Alzheimer, 37 amene nzeru zinali zitangoyamba kutsika pang'ono, ndi 133 abwinobwino. Zimene anafalitsa mu 2019 n'zakuti mwa odwala Alzheimer ukonde wa timitsempha wa pakati pa retina unali wapatalipatali, pomwe mwa abwinobwino unali wothithikana. Chaka chotsatira, gulu la Maya Koronyo-Hamaoui la ku chipatala cha Cedars-Sinai mu mzinda wa Los Angeles linaunika maso operekedwa ndi anthu atamwalira, n'kupeza amyloid m'makoma a timitsempha ta retina, komanso kuchepa kwa maselo otchedwa pericyte. Maselo amenewa amakulunga timitsempha ngati zala zogwira chingwe, ndi amene amasunga khoma kuti lisadonthe. Masiku ano makompyuta akuphunzitsidwanso kuwerenga zithunzi zoterezi. Mu 2018 akatswiri a ku Google anasonyeza kuti kompyuta ikhoza kuyerekeza zaka za munthu, BP yake, ngakhalenso ngati amasuta fodya, pongoona chithunzi cha mkati mwa diso, ndipo chipatala cha maso cha Moorfields ku London chili ndi ntchito yotchedwa AlzEye yofufuza zizindikiro za dementia m'zithunzi za odwala ake.

Apa ndiyenera kuima kaye, chifukwa pali chinthu chimene chimandiwawa. Nthawi ndi nthawi pa intaneti pamatuluka mitu ya nkhani yonena kuti tsopano kuyeza maso kukhoza kupeza Alzheimer zaka zambiri isanayambe. Mitu yotereyi imafika m'manja mwa anthu ngati ine, amene tili ndi kholo lodwala ndipo mumtima tikudzifunsa ngati nafenso tikulowera komweko. Si chilungamo kuseweretsa mantha a anthu otere. Zoona zake n'zakuti lero palibe kuyeza maso kumene kungauze munthu kuti ali ndi dementia kapena adzakhala nayo. Akafukufuku aja amayerekezera magulu, ndipo kusiyana kumaoneka ukaphatikiza anthu ambiri. Ukatenga munthu mmodzi, retina yake ikhoza kupyapyala kapena kuchepa timitsempha chifukwa cha ukalamba wokha, matenda owononga mtsempha wa diso otchedwa glaucoma, shuga, kapena vuto losaona patali. Mu kafukufuku wa ku Duke uja, kuchuluka kwa timitsempha mwa anthu amene nzeru zinali zitangoyamba kutsika sikunasiyane kwenikweni ndi kwa abwinobwino, chonsecho gulu limenelo ndi limene tikanafunitsitsa kulizindikira msanga. Alipo anthu ambiri okhala ndi zizindikiro ngati za amayi amene amafika zaka 90 mutu uli gwa.

Adokotala a maso aja sananene kuti amayi adzadwala dementia, ndipo sakanatha kutero. Chimene ananena n'chakuti mitsempha yawo ikuvutika, ndipo anatchula chimene chikuivutitsa. Kwa ine phindu la zenera la diso lili pamenepa, ndipo lilipo kale, silikudikira makina a mawa. Chithunzi chija sichinali ulosi. Chinali umboni wa chinthu chimene chinali kuchitika tsiku lomwelo, chinthu chokhala ndi mankhwala odziwika.

BP ndi matenda ovuta kuwakhulupirira chifukwa sapweteka. Munthu amamuuza manambala awiri, iye n'kumadzimva wamphamvu, ndiye amwerenji mapiritsi tsiku ndi tsiku? Amayi ankaganiza choncho, inenso mumtima ndinkagwirizana nawo. Tonse tinkaona BP ngati nkhani ya mtima ndi sitiroko yaikulu ija yogwetsa munthu. Palibe wa ife amene ankadziwa kuti ikhoza kumadya luso la munthu lokumbukira zinthu pang'onopang'ono, kumulanda mayina a ana ake. Amayi akanauzidwa m'mawu amenewo, ndikukhulupirira kuti botolo la mankhwala likanakhala pafupi ndi mswachi wawo, chifukwa chimene ankanyadira kwambiri pa moyo wawo chinali mutu wawo womwewo.

Umboni woti kusamala BP kumateteza ubongo ulipo. Mu kafukufuku wa SPRINT MIND ku America, anthu oposa 9,000 a zaka 50 kupita m'tsogolo anagawidwa pawiri: ena anawatsitsa nambala yapamwamba ya BP kuti isafike 120, ena kuti isafike 140. Zotsatira za mu 2019 zinasonyeza kuti m'gulu loyambalo, kutsika kwa nzeru kumene nthawi zambiri kumatsogolera dementia kunachepa ndi magawo 19 pa 100. Pa dementia yeniyeniyo kusiyana kunalipo koma sikunafike poti n'kutsimikizira, mwa zina chifukwa kafukufukuyo anaimitsidwa msanga ataona kuti kutsitsa BP kukupulumutsa mitima ya anthu. Nambala yoyenera munthu aliyense ndi nkhani yokambirana ndi dokotala wake, makamaka okalamba amene amachita chizungulire BP ikatsika kwambiri. Gulu la akatswiri la Lancet Commission, lotsogoleredwa ndi Gill Livingston, linatchula mu 2020 zinthu 12 zimene zimawonjezera chiopsezo cha dementia koma n'zotheka kuzisintha, monga BP, shuga, fodya, kusamva bwino, kusachita zolimbitsa thupi ndi kukhala wekhawekha. Mu 2024 anawonjezerapo ziwiri, mafuta oipa a m'magazi ndi vuto la maso losathandizidwa, n'kunena kuti zonse 14 pamodzi zikukhudzana ndi pafupifupi 45 pa 100 ya dementia yonse.

Mfundo ya maso osathandizidwayo ikuonetsa kuti msewu wa pakati pa diso ndi ubongo ndi wopita ndi kubwera. Munthu amene sakuona bwino amasiya kuwerenga, amaopa kuyenda, amaleka kuchezera anzake poti sakuzindikira nkhope, ndipo ubongo umasowa chochita. Cecilia Lee ndi anzake a ku Seattle anatsatira okalamba oposa 3,000, ndipo kumapeto kwa 2021 anafalitsa kuti amene anachitidwa opaleshoni ya ng'ala anali ndi chiopsezo cha dementia chotsika ndi pafupifupi magawo 30 pa 100 poyerekeza ndi amene sanachitidwe. Kafukufuku wa mtundu umenewu amangosonyeza kuti zinthu ziwiri zikuyendera limodzi, satsimikizira kuti china chachititsa chinzake. Komabe gogo amene ng'ala yamuphimba ali kale ndi chifukwa chokwanira choichotsera.

Palibe dokotala amene angalumbire kuti amayi akanamwa mankhwala mokhulupirika bwenzi lero ali bwino. Adokotala awo anandiuza zimenezo momveka nditawafunsa misozi ili m'maso, ndipo anawonjezera kuti ngakhale pano kusamala BP ndi shuga kuli ndi ntchito, chifukwa timitsempha timene tatsala n'tofunika kutiteteza. Mawu amenewo ndi amene ndimagwira. Mankhwala awo tsopano ndimasunga ndine, m'kabokosi kokhala ndi zipinda 7, ndipo m'mawa uliwonse ndimaima pomwepo mpaka ameze. Azichimwene ndi azichemwali anga ndinawakakamiza onse kukayezetsa BP, awiri anapezeka nayo. Amene ali ndi shuga ndinamuuza zimene madokotala amalangiza, zoti aziunikitsa mkati mwa maso chaka chilichonse ngakhale akuona bwino, chifukwa timitsempha timayamba kuwonongeka maso asanayambe kuchita chifunga. Inenso ndinapita. Ndinatsamiritsa chibwano pa makina ngati omwe aja, mtima ukugunda, ndipo chithunzi chitatuluka ndinapempha kuti andisonyeze pamene mitsempha yadutsana. Sindinafune kungomva za nambala ya magalasi. Ndinafunsa kuti, "Adokotala, mitsempha yanga ikuoneka bwanji?" Ndi funso lalifupi, ndipo ndikanakonda ndikanalifunsa mobwereza zaka 7 zapitazo, n'kukhala pansi kumvetsera yankho lake mpaka kumapeto.

Sabata yatha amayi anandipeza nditayala mapepala awo patebulo. Anatola chithunzi chija, anachiyandikiza kumaso, kenako anachitalikitsa.

"Mtengo wanji umenewu, wopanda masamba?"

"Si mtengo, amayi. Ndi mkati mwa diso lanu."

"Langa ine?" Anaseka pang'ono, n'kuyamba kulondola kamzere kamodzi ndi chala, kuchokera pa kamalo kowala kaja mpaka m'mphepete. Chala chinadutsa pomwe panatsinidwa paja osaima. "Ndiye muli zambiritu m'menemu."

Anachigwira nthawi yaitali. Kenako anandiyang'ana n'kunditchula dzina langa, lenileni, osati la mng'ono wawo amene masiku ano amakonda kundisokoneza naye, n'kundifunsa ngati amwa kale mankhwala. Ndinawauza kuti amwa m'mawa. Anagwedeza mutu, anabweza chithunzicho m'chikwama, n'kutseka zipi okha.